Akufa akabwera kudzalonjerera malipiro awo

Olemba za mafilimu ku Ulaya anaitcha nkhani ya chikondi yosakanikirana ndi mizimu. Ankanena Atlantique, filimu ya ku Senegal imene mayi Mati Diop anatulutsa mu 2019, n'kulandira nayo mphoto ya Grand Prix ku Cannes chaka chomwecho. Sananame, koma aliyense amene anakulira m'komboni ya pa pulazi ya fodya ku Mvurwi, ku Karoi kapena ku Banket m'dziko la Zimbabwe akati aionere, isanafike ndi pakati pomwe adzakhala atazindikira kale kuti uwu ndi mlandu wa ngongole. Chikondi chilimo, chokoma ndithu, koma mzati umene wasenza denga lonse ndi thukuta la anthu amene anagwira ntchito osalipidwa.

Taonani kumene ikuyambira. Mtsikana sakuoneka msanga ayi. Choyamba ndi fumbi, chinsanja chikumangidwa m'mphepete mwa nyanja ku Dakar, ndi anyamata atadzazana mu ofesi akukalipa chifukwa miyezi yadutsa osaona ndalama. Mwini ntchitoyo, bwana Ndiaye, palibe; amene akulandira ukaliwo ndi antchito anzawo a pa desiki amene alibe choyankha. Kenako tikwera nawo lole yobwerera kunyumba, ndipo mmodzi wa iwo, Souleiman, wangoti duu, maso ali kunyanja. Apo m'pamene Ada akutulukira, ataima tsidya lina la njanji, sitima ikudutsa pakati pa awiriwa. Ada ndi wotomeredwa kale kwa Omar, mnyamata wa ndalama, ndipo ukwati watsala masiku owerengeka. Ndondomeko imeneyi sinangochitika mwangozi. Diop wayamba watisenzetsa ngongole, chikondi n'kubwera pambuyo, kuti chilichonse chimene chidzagwere awiriwa tidzadziwe kumene chinachokera.

Usiku womwewo Ada akuzemba kwawo kupita ku bala ya m'mbali mwa nyanja kumene anapangana, n'kupeza atsikana okhaokha, nkhope zili zakugwa. Anyamata onse akwera bwato, ulendo wa ku Spain. Apa ndi pamene ndimamugomera mkonzi wa filimuyi. Wina aliyense akanatiika m'bwatomo, n'kutionetsa mafunde, kukuwa ndi kumira, chifukwa zimenezo n'zimene zimagulitsa. Nkhani ya mabwatowa Diop amaidziwa bwino: mu 2009 anajambula kafilimu kakafupi ka anyamata a ku Dakar akukambirana za ulendo umenewu, ndipo mu 2006 mokha anthu oposa 30,000 anafika pa zilumba za Canary pa mabwato otere. Koma mu Atlantique kamera ikukana kukwera bwato. Ikutsala kumtunda ndi otsala. Imfa ya anyamatawo sitiiona. Tidzangoimva bwino lomwe ikufotokozedwa pakamwa, mochedwa, ndi mmodzi wa omirawo.

Ife Amalawi mbali imeneyi ya nkhani ndi yathu. Kwa zaka zambirimbiri amuna ankachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi ndi kwina, kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, kulowera ku Mutoko kapena ku Mount Darwin kukafuna ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe. Ena ankayenda wapansi, ena ankakwera malole a Ulere amene boma la kumeneko linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1930, ena analembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba antchito limene linayamba mu 1946. Amayi otsala kumudzi sankaona mgwazo umene amuna awo ankapatsidwa m'munda, kapena kutentha kwa m'mabalani owotchera fodya, kapena phoso la ufa ndi nyemba. Ankangoona kuti kalata yasiya kubwera. Munthu ankasanduka mtchona popanda tsiku lenileni limene ungaloze kuti lero ndiye watayika. Filimu imene ikubisa imfa n'kutisiya tikudikira pamodzi ndi Ada yatenga kaonedwe ka amayi amenewo.

Gawo lachiwiri likuyamba ndi moto. Pa tsiku la ukwati, bedi loyera la akwati likupsa popanda wolikoleza, ndipo wina akuti waona Souleiman pakati pa anthu. Apolisi akutumiza mnyamata wawo wofufuza, Issa, amene akukhulupirira kuti Souleiman sanapite kulikonse ndipo Ada akumubisa. Zodabwitsa sizikugwa zonse pakamodzi. Zikukwera pang'onopang'ono: mphekesera, kenako moto, kenako uthenga wa pa foni wochokera kwa munthu amene amayenera kukhala pansi pa nyanja, kenako kutentha thupi kumene kukugwira atsikana dzuwa likamalowa. Pomaliza ndi pamene tikuwaona atsikanawo akuyenda usiku opanda nsapato, maso atayera mbuu, kulowa m'nyumba ya bwana Ndiaye n'kukhala pa mipando yake, akulankhula ngati amuna amene anamira, kufuna ndalama zawo. Palibe utsi, palibe zouluka. Maso oyera ndi galasi basi: ukayang'ana m'chipindamo ukuona atsikana, ukayang'ana pagalasi ukuona anyamata. Ndipo mizimuyi yabwera mochedwa dala. Anyamatawa anayamba apempha ali moyo, mu ofesi, masana. Apolisi amene akanawathandiza ali kalikiliki kuteteza nyumba ya bwanayo. Zitseko zonse za amoyo zitatsekeka m'pamene akufa akugogoda.

Anzathu Achishona, amene makolo athu anakhala nawo moyandikana m'mapulazi a ku Mashonaland, nkhani yoyenda motere amaidziwa kalekale. Ndi nkhani ya ngozi, mzimu wa munthu amene anaphedwa kapena kulakwiridwa kwambiri, umene umabwerera ku banja la wolakwayo. Mwa mitundu ya ngozi imene amaitchula, umodzi ndi wa wantchito amene anaweta ng'ombe kapena kulima kwa zaka, n'kumwalira osapatsidwa zimene analonjezedwa, ndipo kawirikawiri m'nkhani zoterezi wantchitoyo amakhala mlendo wochokera kutali, wopanda m'bale womulankhulira. Kayendedwe kake n'kamodzimodzi nthawi zonse. Pamakhala kulakwa, kenako zaka za chete pamene olakwa akuyesa kuti zinaiwalika, kenako matenda ndi maliro osadziwika mutu wake, kenako wina m'banjamo amagwidwa n'kuyamba kubwebweta ndi mawu a womwalirayo, kutchula dzina lake ndi zimene akufuna. Mathero ake ndi kulipa. Ikani Atlantique pambali pa ndondomeko imeneyi muone ngati pali sitepe imene yasowa.

Pali malo amodzi pamene filimuyi yapatukira, ndipo ndi pamene pali nzeru yake yonse. Pa mwambo wakale wolipa ngozi, banja lolakwa linkapereka ng'ombe, nthawi zina pamodzi ndi mwana wamkazi, kuti akakwatiwe ku banja la womwalirayo. Mtsikana amene sanalakwe kanthu ndiye ankasanduka malipiro. Lamulo la Zimbabwe lolimbana ndi nkhanza za m'banja, limene linayamba kugwira ntchito mu 2007, linaletsa mchitidwe umenewu, pamodzi ndi kukakamiza atsikana kuyezedwa unamwali. Mu Atlantique namonso mtsikana ali pamsika: Ada akuperekedwa kwa Omar chifukwa cha chuma, ndipo moto uja utachitika makolo ake akupita naye kwa dokotala kuti akamuyeze. Koma Diop watembenuza zinthu. Atsikana amene mwambo ukanawapereka ngati malipiro ndi amene akukalonjerera ngongoleyo. Akumuitanitsa bwana Ndiaye kumanda usiku, akuwerenga ndalama zake, kenako akumulamula kuti akumbe manda a anthu amene mitembo yawo sidzapezeka. Ndipo kubwera kwa akufa, m'malo momangirira mtsikana ku banja la womwalira, kukumasula Ada ku ukwati umene sanaufune.

Sindikuti zonse zinalukidwa bwino. Filimuyi ili ndi zingwe ziwiri, cha gulu ndi cha munthu mmodzi, ndipo chachiwirichi chimandivuta. Anyamata onse abwerera kudzera mwa atsikana, koma Souleiman yekha walowa mwa mwamuna, wapolisi Issa uja. Chifukwa chake n'chosabisika: nkhaniyo ikufuna kuti Ada ndi Souleiman agone limodzi usiku umodzi asanatsanzikane, ndiye lamulo limene filimu inadziikira yokha lapindidwa kuti zimenezo zitheke. Phindu lake lilipo, sindikana. Wapolisi akusakasaka munthu amene ali m'thupi mwake momwe, mpaka kudzimanga yekha ndi unyolo dzuwa likamalowa, ndipo atadziona pa vidiyo ya ukwati maso ali oyera, akutseka mlanduwo mwakachetechete. Koma Issa ngati munthu watayidwa panjira. Thupi lake labwerekedwa popanda womufunsa, m'mawa akudzuka n'kuchoka, filimu osacheukanso kuti ione kuti zamuthera bwanji. Nkhani imene yasamala chotere za anthu ogwiritsidwa ntchito mwaulere inayenera kumuganizirako.

Zimbabwe inayesapo kale kusakaniza chikondi ndi mzimu pa kanema, ngakhale mwanthabwala. Mu Jit, filimu ya Michael Raeburn ya mu 1990 imene munalinso Oliver Mtukudzi, mnyamata wotchedwa UK akuthamangathamanga mu Harare kufuna ndalama zolowolera Sofi, pamene Jukwa, mzimu wa gogo wachikazi umene amauona yekha, ukumusokoneza pa ntchito iliyonse chifukwa ukufuna mowa ndiponso kuti azitumiza ndalama kumudzi. Kumeneko mzimu ulipo kuyambira pachiyambi, ndipo nkhani ikuyenda modumphadumpha, ntchito iyi yalephereka, tiyeni ina. N'zoseketsa, koma onani kuti namonso mzimu wabwerera ndalama. Kusiyana kwake n'kwakuti Jukwa ndi wakumudzi, woimira makolo amene ali ndi malo awo. Mizimu ya Diop ndi ya anyamata amene sanafike pokhala makolo a munthu, ndipo ilibe mudzi woti ikapumuleko. Kwa mdzukulu wa mtchona wobadwira m'komboni, amene kwawo kwa agogo ake amangokumva dzina, yachiwiriyi ndiyo yapafupi.

Ndiye ndimadzifunsa kuti filimu yotere itajambulidwa ku Raffingora kapena ku Shamva ingayende bwanji. Zipangizo zonse zilipo. Chaka cha 2000 chisanafike, m'mapulazi akuluakulu a Zimbabwe munkagwira ntchito anthu oposa 300,000, ambiri ndithu mwa iwo zidzukulu za ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Minda itayamba kulandidwa chaka chimenecho, ochuluka anataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo ochepa okha ndi amene anagawiridwako malo. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri ali ndi zitupa zowatcha alendo m'dziko limene anabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezeretsa unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Mu 2002 boma linalamula kuti eni mapulazi olandidwa alipire antchito awo ndalama zotsanzikira. Ena analandira, ena anangomva kuti bwana wapita. Wojambula sangavutike n'kupeka maso oyera, chifukwa gule wamkulu, amene Achishona amati zvigure, akuvinidwabe m'makomboni, ndipo aliyense kumeneko amadziwa kuti chotuluka ku dambwe pa maliro sachitchula dzina la munthu. Mnyamata wa m'komboni ndi mtsikana wa banja limene lapatsidwa munda pa pulazi yomweyo, chikondi chake n'chimenecho, ndipo makolo a mtsikanayo ali kale ndi mawu okanira: mlendo wopanda mutupo (mfunda), tikalowola kuti, tikamuika kuti akafa?

Povuta ndi gawo lomaliza. Atlantique ikutha bwino chifukwa wangongole ndi mmodzi, ali ndi dzina, nyumba ndi geti, ndipo atsikana akudziwa njira yopitira kumeneko. Ku Mashonaland wangongoleyo anamwazika. Mzungu amene analemba anthu ntchito ali ku Harare, ku Mkushi, ku Chimoio kapena ku Australia, ndipo nayenso akuti analandidwa. Mlimi watsopano akuti iye sanalembe munthu, anapeza anthu ali kale m'komboni, ndipo ena mwa alimi oterewa amafuna kuti okhalamo azimugwirira ntchito ngati lendi ya nyumba. Boma, mu July 2020, linasainirana ndi oimira eni mapulazi akale mgwirizano wa ndalama zokwana madola a ku America 3.5 biliyoni, zolipirira nyumba, madamu, mabalani ndi zina zimene zinamangidwa pa minda ija. Amene anaumba njerwa za mabalaniwo ndi kukumba madamuwo sanali nawo pa tebulo. Manda awo alipo, mosiyana ndi anyamata a ku Dakar, koma ali m'mphepete mwa minda imene tsopano ndi ya anthu ena, ndipo kuti ukasese pamanda a agogo ako uyenera kuyamba wapempha.

Wolemba filimu imeneyo adzafika pa usiku umene atsikana ogwidwa ndi mizimu akutuluka m'komboni, ndipo adzayenera kusankha kuti alowere njira iti: ya ku nyumba yaikulu ya pa pulazi, ya ku bwalo la ndege, kapena msewu wa ku Harare kumene kuli maofesi a boma. Sangawatumize konse kutatu, nkhani ingabalalike. Ndipo njira iliyonse imene angasankhe idzamupezera adani amene akali moyo, ena a iwo okhala ndi mphamvu yoletsa filimu kuonetsedwa.