CHENJEZO KWA OMANGA NYUMBA NDI OKONZA KHITCHINI NDI BAFA

Inu amene mukumanga, inu eni nyumba za lendi, ndi inu amene mwangoganiza zokonza khitchini kapena bafa, imani kaye musanapereke ndalama ku hadiweya. M'mashopu mwadzaza katundu wonyezimira, wotsika mtengo, woti ukangomuona mtima umati dyokodyoko. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'zipinda ziwirizi ndi momwe madzi, magetsi ndi moto zimakumanirana, ndipo chinthu chimodzi chosankhidwa mwachisawawa chikhoza kutenga moyo wa munthu.

Chondisowetsa mtendere kwambiri ndi shawa zamagetsi zotenthetsa madzi pompopompo, zija zamutu wapulasitiki. M'kati mwa mutuwo muli waya wotentha womwe madzi amadutsapo asanagwere pathupi panu. Lowani m'mabafa ena mukayang'ane m'mwamba. Mupeza mawaya opiringizidwa ndi tepi yakuda, nthunzi ikuwanyowetsa tsiku ndi tsiku, waya wachitatu wobiriwira ndi chikasu uja, wa earth, ukungolendewera wosalumikizidwa pena paliponse. Pansi pake payima mwana, thupi lonse madzi okhaokha, phazi lili pa simenti yonyowa. Thupi lonyowa ndi njira yofewa ya magetsi, ndipo mphamvu yochepa chabe ikadutsa pamtima, munthu amagwa osadzukanso.

Shawa zimenezi zimakoka mawati 3,000, zina mpaka kupitirira 5,000. Soketi wamba ya m'nyumba zathu malire ake ndi ma amp 13, pafupifupi mawati 3,000. Choncho shawa yotere isalumikizidwe pa soketi, pa ekisitenshoni kapena pa waya wa babu. Ikhale ndi waya wakewake wonenepa kuchokera pa bokosi la magetsi, buleka yakeyake, earth yolumikizidwa bwino, komanso chipangizo chija chimadula magetsi chokha akayamba kudontha, earth leakage ya 30mA. Chipangizochi chili ndi batani loyesera. Lidineni nthawi ndi nthawi. Magetsi akapanda kuthima, chafa. Ndipo ngati pogwira mpopi wa m'bafa mukumva kunyerenyetsa m'zala, ngakhale pang'ono pokha, musati ndi mmene imachitira. Thimitsani pa bokosi, aliyense asasambemo mpaka mmisiri atabwera.

Giza nayonso ili ndi zake. Ili ndi valavu yotulutsa madzi mphamvu ikachuluka m'thanki, n'chifukwa chake kapayipi kake kamadontha pang'ono madzi akamatentha. Ena poipidwa ndi kudonthako amakatseka. Musalole pulambala aliyense kuchita zimenezo. Tsiku lomwe thermostat idzafe, madzi adzawira m'thanki yopanda potulukira, ndipo giza yotere imaphulika n'kugwetsa denga.

Kuka yamagetsi ya mbale zinayi ndi uvuni imafunanso waya wake ndi swichi yake pakhoma, pamalo poti mufike osadutsitsa mkono pamwamba pa mphika. Soketi isakhale m'mphepete mwenimweni mwa sinki.

Samalaninso ndi katundu wotumizidwa ndi abale kunja. Kuno ku Malawi magetsi athu ndi a 230V. Ku America ndi 120V, ku Japan 100V. Ketulo kapena microwave yochokera kumeneko mukaibaya pa soketi yathu imapsa, mwina n'kuyatsa moto. Werengani kachikwangwani kali kumbuyo kapena pansi pa chipangizocho musanachiyatse. Katundu wa ku Joni mphamvu yake ndi yofanana ndi yathu, koma pulagi yake ndi ya mano atatu obulungira. Musaikakamize pa soketi, musadule n'kulowetsa mawaya osavala potsekera ndi timitengo ta machesi. Gulani pulagi ya mano atatu aphwatalala yokhala ndi fyuzi, muikepo.

Chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi ndi kukwera mtengo kwa makala, mabanja ambiri ayamba kuphikira gasi, ndipo n'zabwino. Koma pokonza khitchini ena akumangira silinda kabati yotseka kuti isaoneke. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya. Akadontha sakwera m'mwamba, amakhazikika pansi n'kudzaza kabatiyo. Silinda iime chilili, pamalo popita mphepo, kutali ndi moto. Payipi ikhale yopangidwira gasi, osati yothirira maluwa, ndipo ikayamba ming'alu sinthani. Poyesa ngati pakudontha, pakani thovu la sopo polumikizira muone ngati likufufuma. Machesi ayi! Mukamva fungo la gasi tsekani silinda, tsekulani mawindo ndi zitseko, osakhudza swichi iliyonse.

Za matailosi ndingonena mwachidule. Osalala onyezimira aja ndi a pakhoma. Pansi pa bafa pamafunika okhakhala. Musanagule, dontheserani madzi pa tailosi imodzi muyendetsepo chala. Kumbukirani agogo ndi amayi oyembekezera amene adzapondapo: munthu wachikulire akathyoka fupa la m'chiuno, nthawi zambiri sayendanso monga kale.

Mipopi yotchipa yosadziwika kochokera, yopakidwa zonyezimira pamwamba, ina imakhala ndi mtovu wochuluka m'chitsulo chake. Mtovu suoneka, sununkha, koma umaononga ubongo wa ana. Madzi akagona m'mpopi usiku wonse, ayambe atuluka kaye pang'ono musanatunge akumwa, ndipo ophikira kapena opangira mkaka wa mwana musatunge ku mpopi wa madzi otentha.

Pogula, funsani pepala la chitsimikizo ndi lisiti, yang'anani chizindikiro cha bungwe loona za miyezo monga Malawi Bureau of Standards. Ntchito ya mawaya ipatseni mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA, ndipo musachite manyazi kumuuza kuti akuonetseni chilolezocho. Inu okhala m'nyumba za lendi, lero lomwe kayang'aneni pamwamba pa shawa yanu. Mukapeza tepi yakuda ndi waya wolendewera, thimitsani buleka yake, auzeni a landilodi, ndipo ana azisamba madzi a m'ndowa kufikira zitakonzedwa.