Chitseko cha kalavani chikamagwira nyesi, musachizolowere

Abale a m'migodi, ambiri a inu simugonanso ku hositelo. Ku Rustenburg, Marikana ndi eMalahleni ena mumachita lendi kalavani kuseri kwa nyumba ya munthu, magetsi n'kumakoka pa soketi ya alandilodi. Nkhani ili pa nthambo imene mwakokera.

Kalavani ili ndi zitsulo zambiri ndipo imakhala pa matayala. Waya akaperepeseka mkati n'kukhudza chitsulo, mavolti 230 amangodikira njira yopitira m'dothi. Mwana akagwira chitseko ataponda ponyowa opanda nsapato, njirayo ndi iyeyo.

Nthambo yoyenera ili ndi mawaya atatu: wabulauni, wabuluu, ndi wobiriwira wa mizere yachikasu. Wachitatuyu, wa earth, ndiye amapereka njira ina kuti magetsi asadzere m'thupi. Nthambo ya mawaya awiri ndi yotchipa, nyale zimayaka, mpira pa TV umaoneka bwinobwino, n'chifukwa chake anthu amanyengeka nayo. Ine ndikuti muikane, ngakhale alandilodi akwiye. Lamulo la Mine Health and Safety Act la 1996 limakulolani kuchoka pamalo oopsa mu mgodi. Nanga bwanji mukulola zoopsa pamene pagona ana anu?

Apempheni akuonetseni earth leakage pa bokosi la magetsi. Kaswitchi aka kamadula magetsi akangothawa ndi mamiliampu 30. Dinani batani la TEST. Magetsi akapanda kuzima, musalumikize. Kakamadula pafupipafupi, pali polakwika. Itanani wodziwa zamagetsi, osati wokalambalala.

Soketi ya ma amp 16 imanyamula mawati pafupifupi 3,600. Ketulo ya 2,000 ndi hitala ya 2,000 zikayaka limodzi zapyola kale. Tambasulani nthambo yonse, chifukwa yokulungika imatentha. Zomanga polumikiza ndi jumbo n'kukwirira pansi, mvula sizidziwa zimenezo.

Polumikiza, zimitsani kaye switchi, lowetsani pulagi ya ku kalavani, kenako ya ku nyumba, n'kuyatsa.

Munthu akagwidwa ndi nyesi musamukhudze. Zimitsani magetsi, kapena mukankheni ndi mtengo wouma, ndipo ku South Africa imbani 112 pa selefoni. Ngakhale adzuke n'kumati ali bwino, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa nyesi imatha kusokoneza kagundidwe ka mtima.