Tisanasaine MoU, tiyambe tagwirizana mfundo

Loweruka lina posachedwapa ndinayenda ulendo wa maola awiri ndi theka pamsewu wa US 31, kuchoka ku South Bend, kudutsa ku Kokomo mpaka ku Indianapolis, kukakhala nawo pamsonkhano wa magulu awiri a Amalawi. Cholinga chinali chabwino kwambiri: magulu awiriwa aphatikize mphamvu kuti athandize chipatala china chaching'ono kumudzi. Titadya nsima, mlembi anatulutsa chikalata cha mgwirizano, chija timangochitchula kuti MoU, chamasamba anayi. Anachipeza pa intaneti n'kungolowetsamo maina athu. Anthu anawomba m'manja, ndipo ena anali atakonza kale mafoni kuti ajambule apampando awiri akugwirana chanza.

Apa mayi wina wachikulire, namwino amene wagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba zosamalira okalamba kuno, anaimika dzanja. "Pepani atsogoleri, kodi a kuchipatalako aliona pepalali?" Muholo monse munangoti zii. Sanalione. Dzina la chipatala chawo linali pamwamba penipeni pa tsamba loyamba, koma palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene anafunsidwa kanthu.

Sindikunena izi ngati munthu woyera m'manja. Zaka zingapo zapitazo ndinali m'komiti imene inatumiza kontena ya zipangizo ku chipatala china. Tinasonkha, tinapempha, tinapakira mpaka usiku kunja kukuzizira koopsa. Kontena itafika, panapezeka kuti sitinagwirizane kuti adzalipire ndani zoitulutsira ndi zoinyamulira. Inakhala miyezi ili padoko, ngongole ikukwera. Itatsegulidwa, makina ena anali ogwiritsa ntchito magetsi a kuno a mavoti 120, pomwe a kwathu ndi a mavoti 230. Anaikidwa m'chipinda chosungiramo katundu, ndipo ndikukhulupirira kuti mpaka lero ali momwemo. Ifenso tinali ndi MoU, yosainidwa bwinobwino. Chimene tinalibe ndi mfundo zimene mbali zonse ziwiri zinakhalira pansi n'kuvomerezana.

Maganizo anga ndi awa: siginecha siiyendetsa mgwirizano. Chimene chimauyendetsa ndi mfundo zochepa zimene onse agwirizana asanagwire cholembera, zonena kuti asankhe zochita ndani, ndalama aziziona ndani, mbali iliyonse ibweretsa chiyani ndipo ipindula chiyani, komanso kuti zinthu zikasokonekera tidzapita kwa yani. Dziwani kuti MoU zambiri zimalembedwa mwanjira yoti simungapite nazo kukhoti. Ngati zili choncho, mphamvu yake yonse ili m'mfundo zomwezo basi.

Sitifunika kupita kutali kuti tione chitsanzo. Mu Indianapolis momwemo muli sukulu ya madokotala ya Indiana University, imene kuyambira m'chaka cha 1990 yakhala paubale ndi sukulu ya madokotala ya Moi University ku Eldoret m'dziko la Kenya. Dr Bob Einterz ndi amene anayamba kukakhala kumeneko, ndipo Dr Joe Mamlin anakhalako zaka zambiri. M'chaka cha 2001, Edzi itavuta, ubalewu unabereka ntchito yotchedwa AMPATH, imene inakula n'kukhala imodzi mwa ntchito zikuluzikulu zosamalira anthu amene ali ndi HIV mu Africa. Ndalama zinabwera pambuyo, ndipo zinapeza mfundo zilipo kale. Anagwirizana kuti kusamalira wodwala ndiko kuzitsogola, maphunziro ndi kafukufuku zizitsatira. Anagwirizana kuti dokotala wochokera ku America azigwira ntchito limodzi ndi mnzake wa ku Kenya, osati pamwamba pake. Anagwirizananso kuti ulendo ukhale wa mbali ziwiri, ophunzira a ku Indiana azipita ku Eldoret, a ku Eldoret nawonso azibwera ku Indianapolis. Patha zaka zoposa 30, anthu asintha, maboma asintha, koma ubale ulipobe.

Kwathu nakonso chitsanzo chilipo. Mu November 2005, Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi nduna yaikulu ya Scotland, Jack McConnell, anasainirana mgwirizano ku Edinburgh, ndipo mu 2018 Pulezidenti Peter Mutharika ndi Nicola Sturgeon anasainirana wina watsopano. Pansi pa mapangano a mabomawa pali masukulu, mipingo, zipatala ndi magulu ang'onoang'ono ambirimbiri amene ali paubale. Pofuna kuti maubalewa asamangoyenda mwachisawawa, bungwe la Scotland Malawi Partnership ndi linzake la kwathu la Malawi Scotland Partnership anafunsa mamembala awo m'maiko onse awiri n'kutulutsa mfundo 11. Mwa zina, mfundozo zimati mapulani azikonzedwa limodzi, zinthu zizichitika poyera, mbali zonse zizipereka ndi kulandira, thandizo lisavulaze amene likuti likuwathandiza, ndipo wina asadzione wamkulu kuposa mnzake. Ndi mfundo zoti sukulu ya pulaimale ya ku Dedza ingathe kuzinyamula n'kufunsa anzawo a ku Glasgow kuti, "Nanga apa mwatsata?"

Tsono ife a ku Indiana, amene magulu athu ambiri anayambira pamaliro, pamapemphero ndi pazikondwerero za pa 6 July, titengepo chiyani? Sindikuti tikopere mfundo 11 za anzathu. Ndikuona kuti zinayi zingatikwanire, bola tizizitsatadi.

Yoyamba: mwini vuto ndiye atchule vuto. Ngati tikuthandiza chipatala, woyang'anira chipatalacho, komiti ya anthu a m'dera ndi ofesi ya zaumoyo ya m'boma ndiwo alembe mndandanda wa zosowa, ife tisankhepo zimene tingathe. Mwina ife tikulota makina apamwamba pomwe iwo akulira ndi pampu ya madzi kapena denga la chipinda chodikirira amayi oyembekezera. Ena mwa ife tinachoka kwathu zaka 20 zapitazo, ndipo Malawi amene ali m'mitu mwathu si amene alipo lero. Chikalata chipite kumudzi chisanamalizidwe, ndipo a kumeneko akhale ndi ufulu wofufuta ndi kuwonjezera. Ngati chabwerera osasintha ngakhale liwu limodzi, tisasangalale. Mwina angochita ulemu, poopa kuti akatsutsa thandizo lithawa.

Yachiwiri: ndalama zioneke mbali zonse. Timakonda kulamula a kumudzi kuti atumize malisiti a tambala iliyonse, ndipo n'zoyenera. Koma kodi ife timawauza kuti tinatolera zingati m'dzina lawo, ndipo zingati zinathera pa holo, chakudya ndi zotumizira? Mphepo ya Freddy itawononga m'chigawo cha kummwera mu March 2023, anthu mazanamazana atafa ndipo ena ambiri atasowa pokhala, Amalawi akunja tinasonkha ndi mtima wonse. Koma ndi angati mwa ife amene anadzaona lipoti la momwe chopereka chawo chinayendera? Pamene lipoti palibe, pamamera mphekesera, ndipo mphekesera ndi zimene zapha magulu athu ambiri. Mgwirizano unene kuti ndalama zizikhala mu akaunti ya bungwe, osati ya munthu, osainira akhale awiri, ndipo lipoti lizituluka pa nthawi yoikika. Magulu amene analembetsa kuno ngati 501(c)(3) akudziwa kuti chaka chilichonse amayenera kupereka fomu 990 ku IRS, ngakhale yaifupi ija ya mabungwe ang'onoang'ono, ndipo akalephera zaka zitatu zotsatizana amalandidwa mwayi wosalipira msonkho. Ngati tingathe kuuza boma la America za ndalama zathu, tingalephere bwanji kuuza abale athu a ku Ntcheu?

Yachitatu: mbali iliyonse ilembe chimene ikubweretsa ndi chimene ikupindula. Mgwirizano umene wina amangopereka, wina n'kumangothokoza, sukhalitsa, chifukwa wopereka amatopa ndipo wolandira amasiya kulankhula zoona. A kumudzi amabweretsa malo, njerwa, mchenga, nthawi yawo, ndiponso nzeru zodziwa chimene chingatheke kumeneko. Zimenezi zilembedwe, chifukwa ndi chuma. Ifenso tivomere poyera kuti timapindula. Ana athu obadwira kuno amapeza kwawo koti azipitako ndi ntchito m'manja, ena mwa iwo amalemba zimenezi pofunsira malo kukoleji, ndipo ife eni timapeza ulemu ndi mtendere wa mumtima. Mfundo yomweyi igwirenso ntchito pakati pa magulu athu kuno. Gulu limene lili ndi mamembala ambiri lisameze linzake, ndipo mpingo usaganize kuti poti wabwereketsa holo ndiye kuti ntchito yonse ndi yake. Pakati pathu pali a Adventist, a CCAP, Akatolika, Asilamu ndi ena, ochokera m'zigawo zonse zitatu, okonda zipani zosiyana. Chikalata chinene momveka kuti ntchitoyi si ya chipani, si ya mtundu, ndipo si ya mpingo umodzi.

Yachinayi: tisankhe ankhoswe ukwati usanayambe. Makolo athu sankadikira kuti banja liyambe ndewu kuti afune ankhoswe. Ankawasankha pachiyambi, anthu akadali kuseka. Mgwirizano wathu utchule anthu awiri kapena atatu, ovomerezeka ndi mbali zonse, amene tidzawathamangire tikasemphana. Utchulenso tsiku lokhala pansi n'kuunika, mwina pakatha chaka chilichonse, ndiponso njira yosiyirana mwaulemu: katundu adzakhala wa yani, ndalama zotsala zidzapita kuti, ntchito yosatha adzamaliza ndani. Chaka cha 2025 chatiphunzitsa zowawa. Boma la America litaimitsa thandizo lakunja mu January, kenako n'kutseka bungwe la USAID, ntchito zambiri zaumoyo kwathu zinagwedezeka ndipo anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Ngati thandizo la boma lamphamvu chonchi lingaime mwadzidzidzi, kuli bwanji lathu, lodalira maovataimu a anamwino ndi madalaivala? Tisalonjeze kulipira malipiro a munthu kapena mafuta a ambulansi kwamuyaya. Tilonjeze zimene tingathe, kwa nthawi imene tingathe, ndipo tinene tsiku limene zidzathe.

Ndikudziwa zimene ena anganene, chifukwa zinanenedwa pamsonkhano paja. Bambo wina anati, "Abale, ife ndife amodzi. Mapepala onsewa ndi achizungu, akusonyeza kusakhulupirirana." Ndimawalemekeza bambowa, ndipo mbali ina akunena zoona. Mnzathu akamwalira kuno, sitidikira MoU kuti tisonkhe ndalama zotumizira thupi ku Chileka kapena ku Lumbadzi. Timangodzuka n'kuchita, ndipo mtima umenewo tisautaye. Koma maliro ndi a sabata ziwiri, pomwe chipatala ndi cha zaka. Apampando amasintha, msungichuma amasamukira ku Texas, woyang'anira chipatala amatumizidwa boma lina. Obwera pambuyo adzadziwa bwanji zimene munagwirizana pakamwa? Ndipo kulemba malamulo si chizungu ayi. Amayi a banki mkhonde kumudzi ali ndi malamulo awo olembedwa m'kope, bokosi lawo lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Sikuti amadana. Amafuna kuti chaka chikamatha adzagawane ndalama akadali pachibale.

Enanso akuti kudikira mayankho a kumudzi kuchedwetsa ntchito, anthu akuvutika. Zoona, kuchedwa kulipo. Koma masiku ano pafupifupi aliyense amene tikufuna kumufunsa ali pa WhatsApp, ndipo mwezi umodzi wokambirana ndi wochepa poyerekeza ndi miyezi imene kontena yathu ija inakhala padoko. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Tsiku lija ku Indianapolis sitinasaine. Chithunzi cha apampando akugwirana chanza sichinajambulidwe, ndipo ena anabwerera kunyumba atakhumudwa. Tinagwirizana kuti chikalata chimasuliridwe m'Chichewa, chitumizidwe kumudzi ndi tsamba limodzi lopanda kanthu, pamwamba pake palembedwe kuti "Zimene ife tikufuna." Yankho linabwera patatha milungu itatu. Choyamba pamndandanda wawo sichinali chilichonse mwa zimene ife tinaganiza. Anapempha mabatire a magetsi a dzuwa, kuti azamba asamabereketse amayi usiku ndi tochi ya pafoni. Anapemphanso kuti m'komiti yoona za ndalama mukhale munthu mmodzi wa kwawo.

Kwa inu amene muli m'makomiti ku Johannesburg, ku Leeds, ku Dublin, ku Washington kapena kulikonse kumene Amalawi asonkhana, pempho langa ndi ili. Tulutsani MoU imene munasaina kale, kapena imene mukukonzekera kusaina, muiwerenge pamsonkhano wotsatira. Funsani ngati a mbali inayo analembako ndime ngakhale imodzi, ngati akudziwa ndalama zimene munatolera, ngati zimene iwo akubweretsa zalembedwa, ndiponso ngati ankhoswe atchulidwa. Pomwe yankho ndi "ayi", imbani foni kumudzi sabata yomweyo, muyambire pamenepo.