Asanatigule zitsononkho, tifunse za nyanja ndi nthaka



Tikatha kutonola chimanga, zitsononkho zina amayi amasonkhera moto, zina amatchezera chidulo, zotsala timangotentha. Mankhusu a mpunga pa zigayo nawonso amathera mu utsi. Koma kunjaku zinthu zomwezi ndi malonda.

Kuchokera m'zaka za m'ma 1920, kampani ya Quaker Oats ku America inkaphika makoko a mbewu ya oats n'kutulutsa mankhwala otchedwa furfural. Lero dziko la China limapanga ambiri kuchokera ku zitsononkho, ndipo fakitale ya Illovo ku Sezela, ku South Africa, imawapanga ndi zotsalira za nzimbe zofinya. Furfural amayeretsera mafuta a injini, amapangira zomatira m'mafakitale osungunula zitsulo, komanso mankhwala ophera tinyongolotsi towononga mizu. Ngakhale kwathu kuno, ku Dwangwa akhala akupanga ethanol kuchokera ku molasesi chiyambire 1982, n'kumamusakaniza ndi petulo. Wosakanizidwa ndi petuloyo ndi wa m'thanki ya galimoto, si wa m'kapu ayi.

Ndiye tsiku lina ogula zitsononkho adzafika ndithu, ndipo ife sitikukana. Kutentha chinthu chimene chikanagula sopo ndi israf.

Koma pali mafunso awiri. Loyamba: adzaphika ndi chiyani? Njira yakale imagwiritsa ntchito asidi waukali wa sulphuric, ndipo madzi otsala amakhala owawasa, oopsa. Akatsikira mumtsinje, mathero ake ndi m'mabango momwe tiana ta chambo timabisala. Akatswiri tsopano akuyesa zofulumizitsa zina, zolimba ngati timiyala, zomwe amazitsuka n'kuzigwiritsanso ntchito kambirimbiri, ena akuyesa ma enzyme omwe safuna moto wambiri. Zimenezi n'zomwe akutcha njira zosawononga chilengedwe. Zambiri zikadali zodula, tikudziwa, koma mtengowo aulipire mwini fakitale, asaulipire msodzi wa usipa.

Lachiwiri ndi la ife eni. Mapesi ndi masangwe a mtedza ndi chakudya cha nthaka yathu yamchengayi. Ndalama ikadzaoneka, ena adzasesa munda wonse mpaka mbee, kenako n'kumadandaula kuti feteleza sakugwira. Tigulitse zitsononkho ndi mankhusu omwe achoka kale m'munda, mapesi akhale pamizere.

Mafumu ndi makomiti a m'madoko, munthu akadzapempha malo a fakitale pafupi ndi madzi, ayambe wakuonetsani kumene madzi ake oipa azikathera, musanadinde chala papepala.