Mankhwala a Ana Athu Akayamba Kufooka

Mu 1945, polandira mphotho ya Nobel chifukwa cha penisilini, Alexander Fleming anachenjeza kuti ingadzafike nthawi imene munthu aliyense adzagula mankhwalawo m'sitolo, ndi kuti wosadziwa, pomwa mlingo woperewera, sadzapha tizilombo koma adzatizoloweretsa mankhwala kufikira titaleka kuwaopa. Nthawi imeneyo yatifikira, ndipo amene ayamba kulipira mtengo wake ndiwo ana.

Mwa tizilombo totchedwa streptococcus muli mafuko angapo, koma awiri ndiwo andivuta mumtima. Fuko loyamba limadzetsa zilonda zapakhosi, zimene makolo ambiri amaziyesa nthenda yachabe. Komatu zikanyalanyazidwa, pakapita milungu iwiri kapena itatu mwana angathe kutupa mfundo za miyendo ndi manja, ndipo mtima wake ungathe kuwonongeka kwa moyo wake wonse. Chisomo chimene tili nacho n'chakuti fuko limeneli likugonjabe kwa penisilini kufikira lero, patapita zaka zoposa 80, pokhapokha mwana atamwa masiku 10 onse. Koma erythromycin ndi azithromycin, amene amapatsidwa ana amene thupi lawo limadana ndi penisilini, afooka m'maiko ambiri, makamaka ku China. A ku Finland, ataona zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anachepetsa kulembera odwala mankhwalawa, ndipo tizilombo tosamva erythromycin tinatsika kuchoka pa 16.5 peresenti mu 1992 kufika pa 8.6 mu 1996.

Fuko lachiwiri, pneumococcus, limene limadzetsa chibayo, mafinya a m'khutu ndi matenda oumitsa khosi, linaumitsa mtima kalekale, pakuti mu 1977 madokotala a ku Durban ndi Johannesburg anapeza mwa ana tizilombo tosamva mankhwala angapo nthawi imodzi. Kuno kwathu, ofufuza pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre aona kuti Bactrim, amene tinamkhulupirira zaka zambiri, sagwiranso ntchito pa tizilombo tambiri ta fuko limeneli. Katemera wa chibayo, amene anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu Novembala 2011, wapulumutsa ambiri, koma sateteza ku mitundu yonse.

Sindidzudzula mayi amene, poona kuti chipatala chili kutali ndipo mwina akafika akamuuza kuti mankhwala atha, amagula makapisozi anayi pa okala, napatsa mwana awiri, nasunga awiri otsalawo kuti adzathandize mng'ono wake. Iye wachita monga mwa mphamvu yake. Komabe chimfine wamba sichimva makapisozi, pakuti chimadza ndi mavairasi, ndipo tizilombo timene tapulumuka pa mlingo woperewerawo sitikhala m'nyumba imodzi: timayenda ndi chifuwa kupita kusukulu, kutchalitchi ndi kusikelo, ndipo apa mpamene mawu a akuluakulu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe amalemera koposa.

Mlandu waukulu uli kwa ogulitsa mankhwalawa popanda chikalata cha dokotala, chonsecho lamulo limaletsa, ndi kwa onse amene anapatsidwa udindo woonetsetsa kuti amoxicillin sasowa m'bokosi la mlangizi wa zaumoyo kumudzi, kumene mwana wopuma mofulumira amayamba kufikira.