Ya shoko kutsogolo kokha ndiyo njinga ya geni ku Dedza

Ogula njinga zakaunjika zokwerera mapiri amakopeka ndi zija za shoko kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Wa geni ya kachewere ku Bembeke asataye mpamba pamenepo. Kumbuyo kukamanesa, kaliyala amasowa pogwira, thumba la makilogalamu 50 n'kumangopendama. Ya shoko kutsogolo kokha, makamaka yachitsulo, amaiwotcherera kaliyala pamsika pomwepo, ndipo zipangizo zake sizivuta.

Vuto lake lili pamtsetse wa Khwekhwerere, potsikira ku Golomoti: tayala lakumbuyo limadumpha m'maenje, buleki osagwira kanthu. Ndalama yotsala pogula ipite ku mphira zatsopano za buleki ndi kukungitsa masipoko, za penti zidikire. Pamakona akuthwa aja ndi bwino kutsika n'kuyenda nayo pansi, kusiyana n'kukatola kachewere wosupuka kuphompho.