Tiphunzire Zinenero: Mneni wa "Dar" pa Msika wa Mandimba

Ambiri mwa inu mumadutsa pa Chiponde kukachita malonda ku Mandimba ngakhalenso ku Lichinga. Chiyao chimakuthandizani ndithu, koma m'masitolo ndi m'maofesi mumakumana ndi Chipwitikizi. Lero tione mneni mmodzi, dar, amene amapezekanso m'Chisipanishi.

Mabuku amati dar ndi kupatsa. N'zoona, koma musaimire pomwepo. Paja ifenso timati uje wadya ndalama, chonsecho palibe amene amatafuna makwacha.

Mukamanenerera mtengo, wogulitsa n'kunena kuti "não dá", sakutanthauza kuti sakupatsani katunduyo ayi. Akuti sizingatheke, ndalama mwatchulazo zachepa. Ena amachoka atakwiya, pamene akanangowonjezera pang'ono n'kutenga katundu wawo. Inunso mukhoza kuubweza mneni womwewu pofunsa kuti "dá para baixar o preço?", kutanthauza kuti kodi n'zotheka kutsitsako mtengo? Mukamaliza kusankha, "quanto dá?" ndiko kufunsa kuti zonse pamodzi zakwana zingati. Awa ndiwo oyamba kuwaloweza.

"Dá licença" ndi odi wathu uja, kapena zikomo ndidutseko. Aphunzitseni ana, ndi ulemu.

Amayi, mvetsani ichi. "Dar à luz", kumasulira liwu ndi liwu, ndi kupereka ku kuwala, koma tanthauzo lake ndi kubereka mwana. M'Chisipanishi amati "dar a luz". Zikachitika kale, dar amasanduka deu. Choncho namwino akakuuzani kuti "já deu à luz", sakunena za magetsi, akuti mwana wabadwa.